Lipoti la nkhani: nyumba imodzi, wina R50 pa ola, wina R9

Ndalemba lipotili chifukwa anzanga amene timathandizira limodzi antchito apakhomo kuno ku Johannesburg akhala akundifunsa kuti nkhani ya mayi aja antchito apakhomo amene anachotsedwa ntchito pasipoti yawo nkutsala kwa mabwana inatha bwanji, komanso pali anthu ambiri olankhula Chichewa kuno amene akuvutika chimodzimodzi koma anangodziuza okha kuti poti alibe mapepala ndiye basi alibenso pakamwa. Ine si loya ayi, ndine paralegal, ntchito yanga ndi kumva nkhani, kulemba mafomu, kuwerengetsa ndalama ndi kuperekeza anthu. Dzina la mayiwa sinditchula, la abwana ndi adona awo sinditchulanso, ngakhale dera lomwe amakhala. Eni ake nkhani anandilola kulemba.

Mmene anafikira

Anabwera chakumapeto kwa November 2024 ndi kajumbo kamodzi ka zovala ndi foni yosweka galasi, anawaperekeza mnzawo wina amene tinamuthandizapo kale. Mayi a zaka za m'ma 30, a ku Malawi. Nditangowapatsa moni, ndisanafunse nkomwe chilichonse, anati "achimwene, ine milandu sindikufuna, mungondithandiza anthu aja andibwezere pasipoti yanga basi." Ndimalemba mawu oyamba a munthu nthawi zonse chifukwa kumapeto kwake timaiwala kuti iye anabwerera chani, timayamba kumenya nkhondo yathu ife.

Funso langa loyamba linali loti anakuchotsani liti, tinawerenga pa kalendala ya mufoni tinapeza kuti papita masiku 26. Ndinachita kuzizidwa, chifukwa nkhani yochotsedwa ntchito mopanda chilungamo imayenera kufika ku CCMA, bungwe lomva mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30, ukachedwa umayamba wapempha kuti akukhululukire kuchedwako, ndipo pempho limenelo atha kulikana. Masiku 26 onsewo mayiwa ankangotumiza mameseji opepesa kwa adona, kupepesa zomwe sanalakwe, poganiza kuti mtima ukatsika pasipoti ibwera. Nde fomu yosumira ku CCMA, ya LRA 7.11, tinailemba tsiku lomwelo, zinazo tinati tikambirana bwino pambuyo.

Ntchito yake

Anayamba mu March 2023. Analowa mdziko muno ndi masiku 30 amene a Malawi amapatsidwa pa boda, ntchito anaipeza kudzera kwa mayi wina amene amalumikiza anthu pa WhatsApp. Sabata yoyamba yomwe adona anatenga pasipoti, akuti ndikusungire ingatayike komanso ndikukonzera pemiti. Pemitiyo siinabwere ndipo kunena zoona siikanabwera, nthawi imeneyo general work visa inkafuna kuti a Department of Employment and Labour atsimikize kuti ntchitoyo sipanapezeke mzika yoti nkuigwira, kodi pa ntchito yapakhomo zimenezo zingatheke bwanji. Anzathu a ku Zimbabwe ndi Lesotho anakhalako ndi mapemiti apadera, ZEP ndi LEP, a Malawi chotero sichinakhalepo. Ndiye adona akakuuzani kuti "ndikukonzera mapepala" muziwafunsa kuti mapepala ake ati, dzina lake chani.

Kontrakiti kunalibe, payslip kunalibe, ku UIF, thumba lothandiza munthu ntchito ikamuthera, sanalembetsedwe. Ankagona konko, kachipinda kakuseri kwa galaja komwe kale ankasungiramo penti ndi makina otchetchera kapinga, kopanda zenera. Kudzuka 5:30, kuyamba 6 koloko, kukonzekeretsa ana awiri kusukulu, kukolopa, kuchapa, kusita, kuphika, kudikira anthu adye kuti atsuke mbale, kuweruka cha m'ma 8 usiku, Lolemba mpaka Loweruka. Lamulungu amati ndi tsiku lawo koma kukabwera alendo amaitanidwa, ndipo geti inali ya rimoti, rimoti analibe, ndiye kutuluka kulikonse kunali kopempha. Malipiro R2,500 pa mwezi chaka choyamba, kenako R2,800 kuyambira March 2024, pamanja nthawi zina, nthawi zina kudzera pa foni. Anaphwanyapo mbale yagalasi anawadula R300.

Pakhomo pomwepo panalinso mayi wina wantchito, mzika ya konkuno, amene ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, 8 koloko mpaka 3 koloko, R350 pa tsiku, olembetsedwa ku UIF bwinobwino. Ntchito yake yomweyo, kukolopa, kusita, mawindo. Mukagawa R350 ndi maola 7 ndi R50 pa ola. Mayi athuwa tikachotsa nthawi yopuma tinapeza maola pafupifupi 72 pa sabata, amene ndi 312 pa mwezi, R2,800 kugawa 312 ikungotsala pang'ono kukwana R9. Nditawaonetsa pa kakyuleta anakhala chete nthawi yaitali kenako anaseka, kuseka kosakoma kuja.

Koma chimene chinanditsegula maso ine ndi nkhani ya makapu, ndipo inatuluka mwangozi pa tsiku lachitatu lokumana, ndikufunsa za nthawi yopuma. Anati tiyi ankamwera panja, pa sitepe ya kukhitchini, kapu yawo ndi mbale yawo zinali zachitsulo ndipo zinkasungidwa pansi pa sinki pamodzi ndi sopo ndi mbale ya galu. Chimbudzi cha m'nyumba chomwe ankatsuka tsiku lililonse sankaloledwa kulowamo pa zawo. Ndinafunsa kuti nanga mnzanu uja? Anati naye chimodzimodzi, kapu yake inali pomwepo pafupi ndi yanga. Gwirani pamenepa chifukwa tibwererapo.

Kuchotsedwa

Mayi wa Lachiwiri ndi Lachisanu uja ndi amene anawauza tsiku lina akusita kuti ndalama imene mukulandirayi lamulo sililola. Anatenga masabata atatu akulimba mtima, kumapeto kwa October anapempha adona zinthu ziwiri, awonjezereko malipiro ndipo awapatse pasipoti aziisunga okha. Usiku womwewo cha m'ma 9 anauzidwa kuti alongedze, geti inatsegulidwa, anagona kwa mlonda wina wa mumsewu momwemo mu kanyumba kake kolondera. Malipiro a October sanapatsidwe. Mawa lake adona anatumiza voice note ya mphindi ziwiri, ndipo ndithokoze Mulungu kuti mayiwa sanaifufute ngakhale akuti ankafuna kutero chifukwa imawapweteka. Mwachidule adona akuti ndinakutola ulibe kanthu, anthu inu ndinu osayamika, ndinatenga Mmalawi dala chifukwa ndimaganiza kuti ndinu ofatsa koma waonongeka chifukwa chocheza ndi akonkuno, ukapitiriza kundivuta ndiimbira apolisi akakutaye ku Lindela. Lindela ndi kumene amasunga obwera opanda mapepala asanawabweze kwawo. Mawu oti kwerekwere, onyozera obwera, alimo kawiri.

Kodi wopanda mapepala ndi wantchito pamaso pa lamulo?

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndipo mabwana amadziwa kuti mantha ali apa. Immigration Act ya 2002, gawo 38, imaletsa kulemba ntchito munthu wopanda chilolezo, zimenezo nzoona. Koma mlandu wolemba ntchitowo lamulo limauika pa bwana, gawo 49 likuti wolemba dala munthu wotere atha kulipitsidwa faindi kapena kumangidwa mpaka chaka chimodzi ulendo woyamba. Ndipo mu 2008 Labour Court inagamula nkhani ya Discovery Health ndi CCMA, yokhudza bambo wina wa ku Argentina amene pemiti yake inatha akugwira ntchito kampani nkumuchotsa, Jaji Van Niekerk ananena kuti munthuyo ndi wantchito ndithu pansi pa Labour Relations Act ndipo CCMA ili ndi mphamvu yomva nkhani yake. Maganizo ake ndi osavuta kumva, gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito kwa "aliyense", silinati mzika zokha, ndipo mukanati wopanda pemiti alibe ufulu ndiye kuti mwapatsa mabwana njira yogwiritsa anthu ntchito mwezi wonse nkuwathamangitsa osalipira.

Kunja nako mfundo ndi yomweyo. Komiti ya United Nations yoona za pangano lothetsa tsankho la mitundu, pangano la 1965 lija lomwe South Africa inalivomereza mu 1998, inatulutsa General Recommendation 30 mu 2004, imene imati boma litha kukana kupereka ntchito kwa obwera opanda pemiti koma ntchito ikangoyambika munthuyo ali ndi maufulu onse a pantchito mpaka itatha, ndipo imatchula antchito apakhomo obwera mwachindunji, kulandidwa mapasipoti, kutsekeredwa. Pangano nambala 189 la ILO, bungwe la maiko loona za ntchito, lokhudza antchito apakhomo, la mu June 2011, lomwe dziko lino linalivomereza mu 2013, gawo 9 likunena poyera kuti wantchito azisunga yekha mapepala ake oyendera. Ku CCMA sitimapita ndi mapangano akunjawa ngati chida choyamba, koma mu kalata yofuna pasipoti ndinawaikamo, kuphatikiza mfundo yoti pasipoti ndi katundu wa boma lomwe linaipereka, si chikole cha adona.

Chomwe sindinawabisire mayiwa nchakuti ufulu wa pantchito sukonza mapepala. Kupambana ku CCMA sikupereka pemiti, kubwezeretsedwa pa ntchito sikungatheke chifukwa komishonala, womva nkhani ku CCMA, sangalamule bwana kuchita zomwe lamulo lina likuletsa, ndiye chotsala ndi ndalama basi. Ndipo sindinawalonjeze kuti adona sangaimbe foni ija, ndinangowauza kuti akaimba akhala akudzineneza okha.

Masamu

Gawo ili ndi losavuta kuposa onse ndipo ndi limene limaluma. Malipiro otsikitsitsa a dziko lonse atayamba mu 2019 antchito apakhomo anaikidwa pansi, R15 pomwe ena R20, anadzafanana ndi ena onse pa 1 March 2022. Kuyambira March 2023 inali R25.42 pa ola, kuyambira March 2024 R27.58. Tikangotenga maola 45 pa sabata amene Sectoral Determination 7, lamulo la antchito apakhomo, imalola, osawerengera ovataimu, mayiwa amayenera kulandira pafupifupi R4,957 pa mwezi chaka choyamba ndi R5,378 chachiwiri. Kupelewera kwake pa miyezi 20 kunadutsa pang'ono R50,000, pamwamba pake nkuwonjezera R2,800 ya October imene sanaione nkomwe, notisi ya masabata anayi poti anadutsa miyezi isanu ndi umodzi, tchuthi cha masabata atatu pa chaka chomwe sanapitepo, ndi R300 ya mbale ija chifukwa kudula wantchito wapakhomo motero nkosaloledwa.

Mabwana amakonda kunena kuti koma amadya zathu, amagona kwathu. Lamulo linaziona kale zimenezo, chakudya chomwe munthu wadya ali pantchito sadula, malo ogona atha kudula koma osapyola 10 peresenti ya malipiro, ndipo chipindacho chikhale chosadontha, cha zenera ndi chitseko chokhoma, ndi chimbudzi ndi bafa. Kachipinda kopanda zenera kaja ngakhale 10 peresentiyo sikanayenera. Zithunzi zake zinalipo mufoni chifukwa mayiwa anajambula kutumizira mwana wawo, osadziwa kuti akusunga umboni.

Ovataimu ndi imene inativuta. Maola 27 pa sabata owonjezera, pa mtengo wa ola ndi theka, ikanakhala ndalama yaikulu kuposa zonse, koma palibe paliponse pomwe analemba. Tinasonkhanitsa mameseji a adona a nthawi ngati 7:40 usiku oti bwera udzatenge mbale, anathandizako koma sangadzaze miyezi 20. Udindo wosunga marekodi ndi wa bwana inde, komabe amene ali ndi kope lake lolembamo nthawi yoyamba ndi yoweruka amalowa mchipinda cha ku CCMA ali ndi mphamvu ina. Ndalama zonsezi tinazisumira pansi pa gawo 73A la Basic Conditions of Employment Act, limene kuyambira 2019 limalola olandira ndalama zochepa kukatenga ngongole ya malipiro ku CCMA osapita kukhoti.

Tsankho, pomwe panali ntchito yeniyeni

Panali njira ziwiri. Tikanati kuchotsedwako kunali kwa tsankho, pansi pa gawo 187 la Labour Relations Act, chipepeso chimafika malipiro a miyezi 24 koma kukambirana kukalephereka nkhani imapita ku Labour Court, kumene kumafunika loya ndi kudikira kwa nthawi yaitali, kwa munthu amene akugona pabalaza pa mnzake ndipo galimoto ya polisi ikadutsa mtima umachita phaa. Kuchotsedwa wamba kopanda chilungamo chipepeso chimalekera miyezi 12 koma kumathera ku CCMA konko. Tinasankha yachiwiriyi, kenaka tsankho tinalitengera padera pansi pa Employment Equity Act, yomwe imapereka miyezi 6 yosumira ndipo kuyambira 2014 olandira zochepa atha kuweruzidwa ku CCMA komweko. Gawo 6 limaletsa tsankho, limati kuzunza munthu ndi mawu kapena zochita chifukwa cha mtundu wake ndi tsankho, limatinso kulipira mosiyana anthu ogwira ntchito yofanana chifukwa cha zifukwa zoletsedwazo ndi tsankho. Lamuloli limagwira bwana aliyense, ngakhale wa wantchito mmodzi wa kukhitchini.

Kalata yoyankha inabwera kuchokera kwa munthu amene banjalo linamulemba kuti awalangize, inali ndi mfundo zitatu. Yoyamba, mayiwa alibe pemiti ndiye si wantchito, imeneyo tayankha kale. Yachiwiri, anachoka okha, koma voice note ija ikunena mosabisa kuti ndakuthamangitsa. Yachitatu ndi imene ndinakhala nayo usiku wonse, akuti tsankho lingakhalepo bwanji pomwe wantchito winayo naye ndi wakuda ndipo amalipidwa bwino, kusiyanako nchifukwa wina ndi waganyu wa masiku awiri wina ndi wogonera, komanso timamutenga ngati wa m'banja mwathu.

Mfundo imeneyi si yopusa ayi, ndipo pali kampata m'lamulo kamene kamaithandiza. Mndandanda wa zifukwa zoletsedwa mu gawo 6 uli ndi mtundu, khungu, fuko kapena kochokera, chilankhulo, kobadwira ndi zina, koma mawu oti unzika mulibe. Kusiyana kwake nkwakukulu, ukasumira pa chifukwa cholembedwa, gawo 11 likuti bwana ndi amene atsimikize kuti tsankho silinachitike kapena kuti zinali zachilungamo, ukasumira pa chifukwa china chosalembedwa mtolo wonse wa umboni uli pa iwe. Constitutional Court inanena kale mu nkhani ya Larbi-Odam mu 1997, ya aphunzitsi obwera, kuti kusala munthu chifukwa si mzika ndi tsankho ndithu, koma pa fomu yathu tinafuna tiime pa zolembedwa, ndiye tinalemba mtundu, khungu ndi kochokera, unzika nkuwonjezera pamapeto.

Nde apa ndi pomwe makapu aja anagwira ntchito. Pakhomo paja tsankho linali losanjikiza. La khungu linagwera onse awiri mofanana, kapu yachitsulo pansi pa sinki, chimbudzi chapanja, kumwera tiyi pa sitepe, ndipo ndinawafunsa mayiwa ngati munthu wina aliyense wobwera kudzagwira ntchito anamwerapo kapu imeneyo, anati mzungu wina wodzakonza magetsi anapatsidwa khofi mkapu ya m'kabati atakhala pa tebulo. Pamwamba pa limenelo panasanjikizidwa la kochokera, ndipo ili linagwera mmodzi yekha, R9, pasipoti m'manja mwa adona, geti yopanda rimoti. Kunena kuti winayo ndi wakudanso sikuchotsa kanthu, kukungoonetsa kuti mmodzi anasenza mtolo umodzi wina iwiri. Kaganizidwe aka si kanga, Constitutional Court inakagwiritsa ntchito pa 19 November 2020 mu nkhani ya Mahlangu, ya mayi Maria Mahlangu amene anagwira ntchito zaka 22 pa banja limodzi ku Pretoria nkumira mu swimming pool ya abwana awo mu March 2012, mwana wawo Sylvia atapita kukapempha chipepeso anauzidwa kuti antchito apakhomo lamulo la COIDA, la chipepeso cha ngozi za pantchito, siliwawerengera. Khoti linati kuwasiya kunjako nkosemphana ndi malamulo a dziko, ndipo linafotokoza kuti amayiwa amaponderezedwa ndi zinthu zingapo nthawi imodzi, khungu, kukhala mkazi, umphawi. Kwa mayi athuwa ingowonjezerani boda.

Umboni wina unachokera kwa mayi wolumikiza anthu uja, amene atamva zomwe zachitika anatumiza meseji yomwe adona anamulembera mu 2023 pofuna munthu. Akuti ndikufuna Mmalawi yekha basi, ndi ofatsa, olimbikira, okhulupirika, akonkuno ndi amwano ndipo amathamangira ku CCMA. Ndikufuna anthu akwathu amve bwino apa chifukwa ife timanyadira mawu amenewa, timawalemba tokha pa zikwangwani ndi m'magulu a Facebook posaka ntchito, eti aMalawi ndife ofatsa. Ine pa mafayilo amene adutsa pa desiki yanga, mawu oti wofatsa pakamwa pa bwana nthawi zambiri amatanthauza munthu amene sangafunse. Adona aja sanalembe Mmalawi chifukwa chokonda a Malawi, anasankha mtundu wa anthu umene anauika kale mtengo wotsika m'mutu mwawo, ndipo tsiku lomwe munthuyo anafunsa, kuyamikira konse kuja kunasanduka kwerekwere pasanathe maola 24. Meseji ya 2023 ndi voice note ya 2024 ndinaziika pa tsamba limodzi, moyang'anizana, sindinafunikenso kulemba ndemanga.

Chofooka chathu chinali mboni. Mayi wa Lachiwiri ndi Lachisanu uja poyamba anati abwera adzanene za makapu ndi malipiro ake, kenako anaimba akulira kuti ali ndi ana atatu ndipo adona ali ndi anzawo awiri amene amawagwiriranso masiku ena, akachitira umboni ataya nyumba zitatu nthawi imodzi. Tikanatha kupempha sapina kuti akakamizidwe. Mayi athu anakana, anati munthu amene ananditsegula maso sindingamuphere ntchito. Ndinagwirizana nawo ngakhale ndinadziwa kuti mbali ya malipiro osiyana yatsala ndi mwendo umodzi.

Tsiku lokambirana

Pa fomu tinali titapempha womasulira Chichewa, ndipo ndimauza aliyense kuti ngakhale Chingerezi mumachidziwa chogulira zinthu mushopu, pemphani womasulira, mkwiyo ndi mantha zimathawitsa chilankhulo cha eni. Malamulo a CCMA amachepetsa anthu amene angayimire munthu, mkulu wa yuniyoni ngati SADSAWU atha kulowa ndi membala wake, ine paralegal zimatengera chilolezo cha komishonala, ndiye ulendo uno ndinakhala pa benchi panja, mayiwa amatuluka kudzandifunsa akapatsidwa mpata. Zomwe zimakambidwa mkatimo ndi zachinsinsi ndipo sindizilemba. Ndingonena zomwe ndinaona pakhonde, abwana aamuna anatuluka kawiri kukaimba foni, ulendo wachiwiri nkhope itasintha, ndikuganiza kuti ndi pomwe wina anawafotokozera kuti nkhani ya pemiti imene ankaopsezera ikuloza kwa iwo. Ife sitinaitchule ngati choopsezera ndipo sindilangiza aliyense kutero, mpeni umenewo umacheka mbali zonse.

Cha m'ma 1 koloko mayiwa anatuluka ndi nambala, R42,000 m'magawo atatu, pasipoti lero lomwe, kalata yotsimikiza kuti anagwira ntchito, koma nkhani zonse zitatu zitsekedwe kuphatikizapo ya tsankho, popanda banjalo kuvomera kulakwa, ndipo maina awo asatchulidwe kulikonse. Ndinawawerengera kuti ngongole ya malipiro yokha tikaphatikiza notisi ndi tchuthi ikudutsa R60,000, chipepeso cha kuchotsedwa ndi cha tsankho tisanaike, ndipo ndinawauza maganizo anga osabisa, kuti voice note ija ndi umboni umene sindinaugwirepo wamphamvu chotero ndipo tikapita pa arbitration, pomwe komishonala amagamula yekha nkhani, mwayi ulipo. Anandiyang'ana nkunena kuti "achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Inu mukagona kwanu usiku uno." Sindinayankhe chifukwa panalibe choyankha. Chomwe ndinaumirira nchimodzi, mgwirizanowo usandutsidwe chigamulo pansi pa gawo 142A la Labour Relations Act asanachoke, kuti akapanda kulipira tisadzayambirenso pachiyambi.

Pasipoti inabwera mu envelopu ya khaki, abwana anachita kukaitenga mgalimoto, kutanthauza kuti anabwera nayo. Mayiwa anaitsegula pa benchi pomwepo kuyang'ana chithunzi chawo kaye kenako chidindo cha pa boda cha 2023.

Mmene zilili pano

Gawo loyamba ndi lachiwiri zinalowa pa nthawi yake. Lachitatu linachedwa masabata asanu, tinakatsimikiziritsa chigamulo pansi pa gawo 143 kuti sheriff athe kukalanda katundu, kalata yodziwitsa banjalo zimenezi itangofika ndalama inalowa mawa lake. Ndikanapanda kuumirira 142A ija bwenzi tikuthamangitsanabe.

Zolakwa zanga zilipo ziwiri zomwe ndalemba mufayilo kuti anzanga aone. Nkhani ya makapu ndinaimva mochedwa chifukwa mafunso anga onse anali a maola ndi ndalama, tsopano ndimafunsa aliyense tsiku loyamba kuti mumadyera pati, mumamwera chani, chimbudzi chanu ndi chiti. Chachiwiri, voice note ndinaisunga pa kompyuta patapita sabata yathunthu, foni ija inali yosweka kale, ikanafa bwenzi tilibe kanthu.

Za mapepala sizinasinthe. Malamulo a 2014 amati wopitirira masiku ake ndi masiku oposa 30 akamatuluka amaletsedwa kulowanso zaka 5, mayiwa ndinawafotokozera zimenezi ndi kuwatumiza kwa maloya oona za anthu obwera, chisankho chopita kapena kukhala ndi chawo ndipo sanandiuzebe. Ya tsankho inatsekedwa popanda chigamulo, ndiye palibe pepala lililonse mdziko muno lonena kuti pakhomo paja panachitika zomwe zinachitika, kupatula fayilo yathu ndi lipoti lino lopanda maina.

Mu January mayi wa Lachiwiri ndi Lachisanu uja ananditumizira meseji. Akuti kachipinda kaja abowola zenera, ndipo mwalowa mtsikana watsopano, Mmalawi, wa zaka ngati 22, Chingerezi sadziwa kwenikweni. Ndinamufunsa ngati pasipoti ali nayo yekha, anati afufuza Lachisanu akamasita. Ndamutumizira nambala ya ofesi kuti amulembere pa kapepala, osati mufoni, komanso ndamupempha amugulire kope laling'ono ndi cholembera.